Chipinda choyeserera mankhwala cha ophunzira a chaka chachiwiri: momwe ntchito ikuyendera

13 Januwale

Kalasi ya ma clinical officer ya chaka chachiwiri ili ndi ophunzira 40. Mayina a mankhwala amawadziwa, ndipo ukawafunsa momwe gentamicin amaphera tizilombo amayankha bwinobwino. Povuta ndi apa: ukapatsa wophunzira kabotolo, sirinji ndi kulemera kwa mwana, n'kumuuza kuti akoke mlingo woyenera, mamililita amene wakoka sagwirizana ndi mamiligalamu amene walemba papepala. Ndiye tayamba kukonza chipinda chomwe munkasungidwa mabenchi othyoka, kuti aliyense asungunule, asukulutse ndi kukoka mankhwala ndi manja ake asanakaime pambali pa bedi la wodwala weniweni.

Tagawa kalasi m'magulu 8 a anthu asanu. Matebulo alipo anayi, choncho magulu azibwera m'magawo awiri. Zogula za lero: mabakete anayi pa K6,000 limodzi, tepi yofiira ya magetsi mipukutu 6 pa K1,500, utoto wa chakudya wobiriwira, wofiira ndi wabuluu pa K2,000 kabotolo, mapepala mtolo umodzi K14,000, ndi chidutswa cha matiresi akale chodula tizidutswa toyeserera kubaya mumnofu. Masirinji a 2, 5 ndi 10 ml tapatsidwa ku sitolo ya sukulu. A 20 ml ndi a 1 ml kulibe, ndipo awiriwa ndi omwe tiwafune kwambiri kutsogoloku.

17 Januwale

Tisanagwire kabotolo kalikonse tayamba ndi kuunika manotsi. Ena mwa mapepala omwe ophunzira amapatsirana chaka ndi chaka ndi akale kwambiri. Limodzi likunenabe kuti chithandizo cha malungo aakulu chimayamba ndi quinine, lina likupereka artesunate pa 2.4 mg pa kilogalamu kwa aliyense, pomwe kuyambira 2015 bungwe la WHO limati mwana wosafika makilogalamu 20 alandire 3 mg pa kilogalamu. Pepala la ma ARV lidakali pa 5A ngati mankhwala oyambira, koma dziko lino linasamukira ku 13A, yokhala ndi dolutegravir, kuyambira 2019. Mapepala onsewa tawachotsa. Mlingo uliwonse womwe ulembedwe pakhoma la chipindachi uzichokera mu Malawi Standard Treatment Guidelines ndi m'mabuku a Unduna wa Zaumoyo a malungo, HIV ndi TB omwe akugwira ntchito panopa, ndipo pansi pa chikwangwani chilichonse pazilembedwa tsiku lomwe chinaunikidwa.

Si zachilendo kuti malangizo asinthe. Pochiza malungo, dziko lino linasiya chloroquine mu 1993 n'kutenga SP, kenako LA mu 2007. Wophunzira wa lero adzaona kusintha kwina asanapume pantchito, ndiye ndi bwino azolowere kuyang'ana chaka cha buku asanakhulupirire mlingo.

22 Januwale

Timabotolo topanda kanthu tatolera ku wodi, titapempha chilolezo cholembedwa kwa oyang'anira famase. Tabwera nato tokwana 150, koma pafupifupi theka tataya. Tonse tomwe munali maantibayotiki a benzylpenicillin ndi ceftriaxone sitigwiritsa ntchito ngakhale titatsuka, chifukwa katsalira kochepa kakhoza kudzutsa ziwengo mwa wophunzira yemwe thupi lake siligwirizana ndi mankhwala amenewa. Totsalato tachotsa zolemba zakale poviika m'madzi a sopo usiku wonse, tawiritsa mphindi 20, n'kuyanika padzuwa.

Vuto loyamba: ufa sungalowe m'kabotolo kotseka. Kachitsulo komwe kamagwira mphira wapakamwa sikabwerera kakangochotsedwa. Tikuchotsa ndi pulayala, kuthira ufa, kubwezera mphira, n'kukulunga ndi tepi yofiira maulendo atatu. Munthu mmodzi amakonza timabotolo pafupifupi 25 pa ola.

24 Januwale

Ufa woimira artesunate wativuta kuposa momwe tinkaganizira. Ufa wachimanga watseka singano pa ulendo woyamba. Shuga wopera wopangira makeke sayera konse, madzi amakhala ambuu chifukwa mumakhala sitachi, ndipo zimenezi zikanaphunzitsa ophunzira kuti mankhwala ambuu ndi obayika, chomwe ndi cholakwa chachikulu. Glucose wa ufa amasungunuka bwino koma mawa lake tebulo lonse linali nyerere, ndipo masirinji anamata. Takhazikika pa mchere wosinja mumtondo mpaka kusalala, kachitsine kamodzi pa kabotolo. Ukachuluka susungunuka wonse mu mililita imodzi, ukachepa umasungunuka msanga osafuna kukhutchumula.

Chomwe mchere sungathe kuonetsa ndi ichi: artesunate weniweni sasungunuka mukayamba ndi normal saline, madzi amchere a m'dripi. Amafuna sodium bicarbonate poyamba. Mchere umasungunuka m'chilichonse, ndiye wophunzira akasemphanitsa ndondomeko palibe chomwe chimamuonetsa kuti walakwa. Tachita ziwiri. Mphunzitsi aziima ndi pepala loonera ndondomeko, ndiponso tapempha ku famase timabotolo tiwiri ta artesunate yemwe nthawi yake inatha kuti tionetse kalasi yonse kamodzi, kena moyenera, kena mosemphanitsa.

29 Januwale: artesunate

Tayamba ndi ameneyu chifukwa ino ndi nyengo ya mvula ndipo ku wodi ya ana malungo ndiye nkhani. Ndondomeko yomwe yalembedwa pakhoma ndi iyi. Kabotolo kali ndi 60 mg. Thirani 1 ml ya sodium bicarbonate wa 5% yemwe amabwera m'bokosi lomwelo, khutchumulani mpaka madzi ayere mbee. Poyamba amaoneka ambuu, ndipo ngati sakuyera, tayani. Kokani mpweya m'kabotolo. Ngati mukubaya mumtsempha onjezani 5 ml ya normal saline, zonse zikhale 6 ml, ndiye kuti 10 mg pa mililita. Ngati mukubaya mumnofu onjezani 2 ml yokha, zikhale 3 ml, ndiye kuti 20 mg pa mililita. Mankhwala osungunula kale sasungidwa: akapitirira ola, ndi otaya. Jakisoni amaperekedwa pa ola la 0, la 12 ndi la 24, kenako kamodzi pa tsiku mpaka wodwala atha kumeza, ndipo akatero amamwa LA wa masiku atatu onse.

Tinapereka odwala atatu a papepala. Mwana wa 12 kg: 3 mg kuchulukitsa 12 ndi 36 mg, yomwe ndi 3.6 ml mumtsempha, ndipo timakwezera ku 4 ml. Mwana wa 22 kg: 2.4 kuchulukitsa 22 ndi 52.8 mg, ndiye 6 ml, kabotolo kamodzi katha. Bambo wa 58 kg: 139.2 mg, 14 ml, timabotolo titatu.

Zolakwa zinali zamitundu inayi, ndipo zinabwerezeka m'magawo onse awiri. Choyamba, ambiri anapereka 2.4 mg kwa mwana wa 12 kg, n'kupeza 28.8 mg. Mwana wamng'ono thupi lake limachotsa mankhwalawa mofulumira, n'chifukwa chake mlingo wake unakwezedwa, ndipo iyeyo ndi amene malungo amamupha msanga. Chachiwiri ndi choopsa kwambiri chifukwa papepala sichioneka: wophunzira amasukulutsa ndi 2 ml ngati wa mumnofu, koma pokoka amatsata mamililita a mumtsempha, ndiye mlingo umawirikiza kawiri. Masamu ake ndi olondola, kabotolo ndiko kali kena. Tsopano aliyense akamaliza kusukulutsa azilemba pa tepi ya kabotolo kuti 10 mg/ml kapena 20 mg/ml asanagwire sirinji yokokera. Chachitatu, ena anatenga water for injection, madzi oyera osungunulira jakisoni, m'malo mwa saline. Pa mankhwala amenewa oyenera ndi normal saline kapena dextrose (madzi a shuga a m'dripi) wa 5%. Chachinayi, kuiwala kukoka mpweya. Apa timabotolo tathu totseka ndi tepi tatithandiza mosayembekezera: ukakankhira 5 ml osakoka mpweya, mphira umatumphuka ndipo madzi amchere amakuthira kumaso. Amene zinawachitikira sanabwerezenso.

Kwa bambo wa 58 kg, gulu lina linasankha mumnofu n'kupeza 7 ml, ndipo onse anafuna kubaya malo amodzi. Tawaonetsa kugawa pantchafu ziwiri, kutsogolo kwake.

3 Febuluwale

Wophunzira mmodzi wadzibaya chala pobwezera chivindikiro pa singano. Singanoyo inali yatsopano, sinakhudze munthu, koma chizolowezi chomwecho ku wodi chikhoza kumupatsira kachilombo ka HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B. Cholakwa ndi cha kakonzedwe ka chipinda: bokosi lotayamo singano linali limodzi, pakhomo, ndiye aliyense ankavindikira kaye kuti ayende nayo. Tsopano tebulo lililonse lili ndi bokosi lake pamalo ofikira dzanja, ndipo wobwezera chivindikiro amayambiranso ntchito yonse.

Mphira wa timabotolo wayamba kudontha ukabayidwa maulendo opitirira 15. Tikusinthanitsa ndi mphira wa timabotolo tosweka.

7 Febuluwale

Powerenga madzulo timabotolo tiwiri tinasowa. Tapezeka m'thumba la koti yoyera ya wophunzira yemwe mawa lake amapita ku wodi. Sanachite dala, anangoika m'thumba monga momwe amaonera anamwino akuchitira. Koma kabotolo ka mchere wa kukhitchini kolembedwa kuti artesunate 60 mg kakafika pa thirole ya mankhwala, kakhoza kubayidwa mwa mwana. Ichi ndi chinthu chomwe aliyense wofuna kutsegula chipinda chotere ayenera kuchikonzekera tsiku loyamba, osati sabata yachinayi monga tachitira ife.

Kabotolo kalikonse tsopano kali ndi nambala, ndi mawu akuluakulu akuti ZOPHUNZIRIRA, OSABAYA MUNTHU. Mtsogoleri wa gulu amasainira timabotolo tomwe walandira ndipo palibe wotuluka mpaka nambala zitakwana. Makoti oyera amasiyidwa pa misomali panja.

12 Febuluwale: magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka kwa amayi oyembekezera

Phunziroli latenga masiku awiri m'malo mwa limodzi, ndipo m'pomveka. Pafupifupi kalasi yonse sinkadziwa tanthauzo la 50% pa kabotolo. Ena ankati ndi theka la mphamvu. Tinayenera kubwerera m'mbuyo: 50% ndi magalamu 50 m'mamililita 100, kutanthauza theka la galamu pa mililita iliyonse. Munthu akamvetsa chimenechi, zina zonse zimatsatira zokha, ndipo akapanda kuchimvetsa amangoloweza manambala omwe adzawasokoneze usiku mayi woyembekezera akukomoka pamaso pake.

Mlingo woyambira ndi magalamu 14. Magalamu 4 amapita mumtsempha pang'onopang'ono, mosachepera mphindi zisanu, ali osukulutsa kufika pa 20%: 8 ml ya 50% kuphatikiza 12 ml ya water for injection, zonse 20 ml. Magalamu 10 amapita mumnofu, 5 thako lililonse, ndiye kuti 10 ml ya 50% yosasukulutsa pamodzi ndi 1 ml ya lignocaine wa 2%, wochepetsa ululu wa jakisoni, musirinji yomweyo. Kenako magalamu 5 maola anayi aliwonse, kusinthanitsa matako, mpaka maola 24 kuchokera pomwe mayi wachira kapena pomwe wakomoka komaliza, chomwe chachitika mochedwa pa ziwirizi.

Apa utoto wagwira ntchito. Madzi oimira 50% tawapaka buluu wakuda. Tinakonzeratu sirinji imodzi yosukulutsa molondola n'kuimata pa katoni yoyera, ndipo aliyense amayerekeza yake ndi imeneyo. Amene watembenuza manambala, 12 ml ya mankhwala ndi 8 ml ya madzi, amaona yekha kuti yake yada kwambiri. Tsiku loyamba tinathira utoto wochuluka ndipo kusiyana sikunkaoneka. Madontho 10 pa lita imodzi ya madzi ndi okwanira.

Masirinji a 20 ml sanapezekebe, ndipo m'zipatala zambiri zakumudzi ophunzirawa akawapezanso atasowa. Ndiye taphunzitsa njira ya masirinji awiri a 10 ml: iliyonse 4 ml ya mankhwala ndi 6 ml ya madzi. Timabotolo tothyola khosi ta magnesium sulphate timabwera ta 2 ml, galamu imodzi, ndi ta 10 ml, magalamu asanu. Gulu lomwe linapatsidwa ta 2 ml linadabwa kuona kuti mlingo woyambira ukufuna timabotolo 14, ndipo awiri anasiyira panjira poopa kuti achulutsa. Mantha amenewa ndi omwe amachititsa kuti mayi alandire mlingo wosakwana n'kukomokanso. Ndi bwino munthu awerenge timabotolo 14 ndi zala zake kuno, kuti akadzationa ku wodi asabwerere m'mbuyo.

Tsiku lachiwiri linali la zoyenera kuona musanabwereze jakisoni: mayi apume kosachepera ka 16 pa mphindi, bondo lidumphe mukaligogoda, ndipo mkodzo ukhale wosachepera 30 ml pa ola. Mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndiye mkodzo ukachepa amaunjikana m'thupi. Choyamba kuzimirira ndi kudumpha kwa bondo, kenako kupuma. Wothetsa mphamvu yake ndi calcium gluconate, galamu imodzi, yomwe ndi 10 ml ya 10%, mumtsempha pang'onopang'ono. Kanyundo kogogodera bondo kalipo kamodzi. Ena agwiritsa ntchito m'mbali mwa dzanja, ndipo ophunzira ayeserera paokhaokha.

19 Febuluwale

Magetsi anazima kuyambira m'mawa. Chipindachi chili ndi zenera limodzi ndipo timizere ta sirinji sitinkaoneka. Tatulutsira matebulo pakhonde. Tagula matochi anayi otchaja pa K9,000 imodzi, ndipo tiziwagwiritsa ntchito ngakhale magetsi alipo, pa phunziro limodzi, kuti aliyense ayesere kuwerenga kabotolo ndi tochi monga zimakhalira usiku.

24 Febuluwale: makanda

Masirinji a 1 ml afika, bokosi limodzi, K28,000. Koma titatsegula tapeza kuti theka ndi a insulin, olembedwa mayuniti m'malo mwa mamililita. Amenewo tawapatula, ndipo tasunga awiri oti tizionetsa kusiyana kwake.

Gentamicin yemwe amapezeka kawirikawiri ndi wa 80 mg mu 2 ml, ndiye kuti 40 mg pa mililita. Khanda lobadwa ndi sikelo yabwino, la 3 kg, m'sabata yake yoyamba limafuna 5 mg pa kilogalamu kamodzi pa tsiku, ndiye 15 mg. Kuchokera pa 40 mg pa mililita, imeneyi ndi 0.375 ml, mlingo womwe palibe angaukoke molondola ndi sirinji ya 2 ml. Tinawalola ayese kaye, kenako tinalavulira zomwe akoka musirinji ya 1 ml kuti aone. Ena anali ndi 0.3, ena 0.6. Njira yake ndi kusukulutsa: 2 ml ya mankhwala ndi 6 ml ya water for injection, zonse 8 ml, 10 mg pa mililita. Pamenepo khanda lija lilandira 1.5 ml. Khanda lobadwa lochepa thupi, la 1.8 kg, m'sabata yoyamba limalandira 3 mg pa kilogalamu, 5.4 mg, yomwe ndi 0.54 ml musirinji ya 1 ml.

Cholakwa chachikulu cha lero chinali kadontho. Wina analemba .5 ml, mnzake wowerenga sanaone kadonthoko n'kukoka 5 ml. Wina analemba 5.0 mg ndipo inawerengedwa 50. Pa gentamicin, kuchulutsa kakhumi kumawononga impso ndi makutu, ndipo kugontha kwake sikuchizika. Lamulo lalembedwa pamwamba pa bolodi: ziro patsogolo pa kadontho nthawi zonse, ziro kumapeto ayi. Ndipo mankhwala a khanda amawerengedwa ndi anthu awiri, aliyense payekha, kenako n'kuyerekeza. Osati wina kuwerenga, mnzake n'kungogwedeza mutu.

Benzylpenicillin tinangodutsamo mwachidule: mayuniti 50,000 pa kilogalamu, ndipo timabotolo tilipo ta mayuniti 1 miliyoni ndi ta 5 miliyoni. Tinasakaniza dala mitundu iwiriyi m'thireyi imodzi. Amene sanawerenge kabotolo anapereka kasanu.

28 Febuluwale

Sikelo yoimapo yomwe tinabwereka imayambira pa 1.5 kg popanda munthu. Tinaizindikira mochedwa, gulu lina litayeza kale chidole chodzaza mchenga n'kupeza kulemera kosiyana ndi anzawo. Sitinaikonze. Yakhala phunziro la kuona ziro musanayeze, popeza mwana wa 19 kg woyezedwa 20.5 amasamuka pa 3 mg kupita pa 2.4 mg ya artesunate popanda wina kuzindikira.

5 Malichi: shuga ndi dripi

Mwana yemwe shuga wake watsika amalandira 5 ml pa kilogalamu ya dextrose wa 10%. Pomwe pali wa 50% yekha, timatenga gawo limodzi la 50% ndi magawo anayi a water for injection. Mwana wa 8 kg: 40 ml, kuchokera ku 8 ml ya 50% ndi 32 ml ya madzi. Wa 50% wosasukulutsa amawotcha mitsempha ya mwana. Popeza phunziro la maperesenti linachitika kale, apa sipanavute.

Pomwe panavuta ndi makina oyezera shuga. Tili nawo awiri: ena amawerenga mmol/l, ena mg/dl. Tinaonetsa nambala 40 pa makina a mg/dl ndipo ambiri anati shuga wakwera kwambiri, ena mpaka kutchula insulin. Nambala 40 mg/dl ndi pafupifupi 2.2 mmol/l, mwanayo shuga wake watsika. Kugawa ndi 18 ndiko kumasinthira mg/dl kupita ku mmol/l. Malire ndi 2.5 mmol/l, kapena 3 kwa mwana woperewera zakudya m'thupi kwambiri.

Madripi tawakoloweka pa misomali pa phaso, matumba akale odzaza madzi a pampopi, kutsikira m'mabakete. Pakatha masiku anayi madzi amachita ndere ndipo kapaipi kamatseka, ndiye tikukhuthula Lachisanu lililonse. Lita imodzi pa maola 8, ndi chingwe cha madontho 20 pa mililita, ndi madontho 42 pa mphindi, kapena 10 mpaka 11 pa masekondi 15. Chingwe cha ana cha madontho 60 pa mililita chili ndi chidule chake: madontho pa mphindi amafanana ndi mamililita pa ola. Ambiri sankayang'ana nambala ya madontho yomwe imalembedwa pa pepala la chingwe. Tinawaonetsanso kuti ukakweza thumba kapena kupinda kapaipi, liwiro limasintha, choncho dripi yotcheredwa bwino 8 koloko iyenera kuonedwanso 9 koloko.

12 Malichi: mankhwala olimbana okhaokha

Lero palibe sirinji. Tajambula masamba a kabuku ka kuchipatala n'kulembamo odwala ongopeka, ndi zolemba zamanja zovuta kuwerenga monga zimakhalira. Wodwala woyamba ali pa 13A ndipo wapezeka ndi chifuwa chachikulu. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya dolutegravir, ndiye pamafunika piritsi lowonjezera la dolutegravir la 50 mg, maola 12 kuchokera pa lija la masiku onse. Ambiri anadziwa kuti mankhwala awiriwa amalimbana, koma ena anawirikiza piritsi lonse la 13A, kutanthauza kuwirikizanso tenofovir, yemwe amalemetsa impso. Chowonjezera ndi dolutegravir yekha.

Wachiwiri ndi mayi yemwe ali ndi kulera kwa pamkono ndipo akuyamba mankhwala a TB. Rifampicin amafooketsa kulera kwa pamkono ndi kwa mapiritsi. Pafupifupi aliyense anaphonya, chifukwa kulerako kunalembedwa patsamba lina ndipo palibe anatembenuza. Wachitatu ndi mayi woyembekezera yemwe amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku ndipo wabwera ku sikelo: ameneyu salandira SP, popeza onse awiri ndi a gulu la sulfa. Wachinayi amamwa dolutegravir pamodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi pamimba yopanda kanthu. Ayironi amagwira dolutegravir m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi.

Tamaliza ndi kudzaza fomu yonenera zovuta zobwera ndi mankhwala, yomwe imapita ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, pa wodwala yemwe watuluka zilonda mkamwa ndi matuza pakhungu atayamba Bactrim. Malo omwe ambiri anasiya opanda kanthu ndi tsiku loyamba kumwa mankhwala ndi nambala ya bachi.

19 Malichi: kufotokozera wodwala

Maphunziro onse amachitika m'Chingerezi koma wodwala amauzidwa m'Chichewa, ndipo pakati pa ziwirizi pamatayika zambiri. Tinaika wophunzira mmodzi ngati mayi wobwera ndi mwana wa 16 kg, wina ngati wopereka LA. Mlingo onse anaupeza: mapiritsi awiri, popeza mwanayo ali pakati pa 15 ndi 24.9 kg. Koma mawu anali akuti, "Mayi, muzimupatsa awiri m'mawa, awiri madzulo." Basi. Palibe ananena kuti ulendo wachiwiri ndi pakatha maola 8, palibe anatchula chakudya, ndipo palibe anafunsa mayiyo kuti abwereze zomwe wamva.

Mawu omwe tagwirizana ndi awa: "Mayi, awiri awa amwere pompano ine ndikuona. Tsopano ndi 10 koloko, ndiye awiri ena mumupatse 6 koloko madzulo ano. Mawa ndi mkucha, awiri m'mawa, awiri madzulo. Azimwa atadya phala lothira nsinjiro kapena atamwa mkaka, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Akasanza theka la ola lisanathe, mumupatsenso ndipo mubwere mudzatenge ena olowa m'malo. Ngakhale aoneke kuti wachira mawa, amalize onse. Tandiuzeni, mayi, mukafika kunyumba mupanga bwanji?"

Mawu akuti "katatu pa tsiku" nawonso ndi msampha. Kwa ambiri amatanthauza m'mawa, masana ndi madzulo pa nthawi ya chakudya, ndiye maulendo atatu onse amatha m'maola 11 kapena 12 ndipo usiku wonse thupi limakhala lopanda mankhwala. Kwa maantibayotiki tikuphunzitsa kutchula nthawi: podzuka, 2 koloko masana, ndi pogona.

Tinapemphanso aliyense abweretse supuni yaing'ono ya kunyumba kapena ku hostelo, n'kuyeza madzi ake ndi sirinji. Zina zinali pafupi ndi 3 ml, zina kupitirira 7. Panado wamadzi wa ana ali ndi 120 mg mu 5 ml, ndiye "supuni imodzi" ikhoza kukhala pafupifupi theka la mlingo kapena kupitirira mlingo wonse. Pomwe botolo labwera lopanda kapu yoyezera, mayi apatsidwe sirinji yopanda singano yolembedwa mzere ndi cholembera chosafufutika.

2 Epulo: mayeso a manja

Malo asanu ndi limodzi, mphindi 7 pa malo aliwonse, belu la pamanja. Artesunate, magnesium sulphate, gentamicin wa khanda, dextrose, dripi, ndi kufotokozera LA. Pa malo aliwonse pali zolakwa zomwe zimagwetsa munthu ngakhale zina zonse atakhoza: mlingo wolakwika kawiri kapena kupitirira, kusawerenga kabotolo, kubwezera chivindikiro pa singano.

Zinthu ziwiri sizinayende. Mphindi 7 n'zochepa pa magnesium sulphate. Ngakhale odziwa bwino sanafike pa thako lachiwiri, ndipo mzere unaima. Ulendo wamawa malo amenewa agawidwe pawiri, mumtsempha pena, mumnofu pena. Chachiwiri, gulu lamadzulo linabwera likudziwa kale kuti mwana wa artesunate ndi wa 14 kg, ndipo ena anakoka 5 ml asanawerengere n'komwe. Tinasintha kulemera pakatikati pa mayeso, ndipo kuyambira tsopano gulu lililonse lizikhala ndi makadi ake.

Cholakwa cha kusukulutsa ngati wa mumnofu n'kukoka ngati wa mumtsempha sichinaonekenso mwa omwe analemba mphamvu pa kabotolo. Chinaoneka mwa omwe anadumpha sitepe imeneyi chifukwa chothamangira belu. Gentamicin wa khanda ndi amene wagwetsa ambiri, makamaka pa kusankha mamiligalamu oyenera pa kilogalamu: khadi linali ndi kulemera kobadwa nako ndi masiku a khanda, koma ambiri anayang'ana kulemera kokha.

9 Epulo

Onse omwe anagwa pa malo amodzi kapena angapo abwereza Loweruka m'magulu a anthu atatu, aliyense pa malo omwe anagwerapo, ndi kulemera kwatsopano. Khadi la gentamicin talilembanso kuti zaka kapena masiku a wodwala zikhale pamzere woyamba, ndipo tawonjezera makanda a masiku 3, 6 ndi 10 kuti kusiyana kwa sabata yoyamba kuzolowereke.

Timabotolo totsala tabwino ndi 52. Pakufunika tina 30 kalasi ya anamwino isanayambe kugwiritsa ntchito chipindachi mwezi wamawa. Masirinji a 20 ml taitanitsanso. Zomwe sizinaphunzitsidwe m'gawo lino ndipo zayikidwa koyambirira kwa gawo lotsatira ndi adrenaline, kusiyanitsa 1:1,000 ndi 1:10,000, diazepam wodzera kumatako kwa mwana wokomoka, ndi kasungidwe ka oxytocin, jakisoni woletsa kutaya magazi mayi akachira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Pa oxytocin pakufunika kabokosi kozizira ndi choyezera kutentha. Kabokosi tabwereka, choyezera sichinapezeke.